Nyumba Yoyenda pa Msewu wa Mchinji ndi Funso la Kwawo kwa Munthu

Pa chipata cha Mwami, pamene msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe umalowera m'dziko la Zambia kulunjika ku Chipata, nthawi zina pamadutsa alendo oyenda m'magalimoto okhala ndi pogona, pophikira ndi thanki ya madzi, ena akupita kukaona nyama ku South Luangwa, ena akutsikira kunyanja. Galimoto yotereyi, yomwe ndi nyumba yoyenda, imadzutsa funso lakale lakuti kwawo kwa munthu n'kuti.

Kwa Mchewa wa ku Mchinji, mudzi si zipupa ndi denga ayi, koma ndi mbumba, ndiye kuti alongo ndi ana awo amene mwamuna amawayang'anira, pamodzi ndi manda, nkhalango yopatulika imene makolo amagonamo ndiponso kumene Gule Wamkulu amatulukira. Nyumba ikhoza kuyendetsedwa, koma manda sakwezedwa pa matayala, n'chifukwa chake thupi la womwalirira ku Johannesburg limanyamulidwa ulendo wautali kudzaikidwa kwawo.

Komabe kunena kuti woyendayo alibe mizu n'kuweruza mofulumira, pakuti Angoni a m'boma lomweli ndi zidzukulu za anthu amene anawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, atanyamula mudzi wawo m'miyambo ndi m'nyimbo. Abrahamu nayenso, amene Akhristu ndi Asilamu amamulemekeza, ankakhala m'mahema. Kusiyana kwake, komwe n'kwakukulu ndithu, n'kwakuti amenewa anayenda ndi mtundu wawo, pomwe alendo a lero amayenda awiriawiri, amauonera mudzi pawindo, ndipo akapeza nthambi zolengeza maliro pamsewu amangochepetsa liwiro n'kupitirira.