Mlandu wa a Mormon ndi Mboni Imene Saifunsa

Kuyambira pamene mafoni a intaneti anafika m'manja mwa anthu wamba, mikangano ya anthu akutali inayamba kugona nafe m'nyumba. Munthu ali ku Petauke, wagula bandulo yausiku kuti aone mmene mpira wathera, chala n'kutsetsereka, basi wapezeka pakati pa anthu a ku Utah amene akutsutsana za mneneri wawo. Ine ndakhala ndikuwerenga mikangano imeneyi kwa nthawi ndithu. Sindiyankhapo. Si mpingo wanga. Ndinakulira mu Reformed monga anzanga ambiri kuno kwa Kalindawalo. Koma muli kanthu m'mkanganowo kamene kamandibwezako kawirikawiri, ndipo ndimagona ndikukalingalira.

Dzina lonse la mpingowo ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a M'masiku Otsiriza. Anthu amangoti a Mormon, ngakhale kuti mu 2018 mtsogoleri wawo wa nthawiyo, Russell M. Nelson, anapempha kuti dzina lachidulelo lisiyidwe. Anauyambitsa ndi Joseph Smith pa 6 Epulo 1830 m'chigawo cha New York. Iye ankati mngelo anamusonyeza mapale agolide okwiriridwa paphiri, ndipo pa mapalewo ndi pamene anamasulira Buku la Mormon. Smith anaphedwa ndi gulu la anthu m'ndende ya Carthage mu 1844, ndipo Brigham Young anatsogolera otsalawo mpaka kuchigwa cha Salt Lake mu 1847. Lero mpingowo umawerenga anthu ake kuti ndi oposa 17 miliyoni.

Kuutsutsa sikunayambe dzulo. Jerald ndi Sandra Tanner, mwamuna ndi mkazi wake, anali kale pantchito m'zaka za m'ma 1960, akusindikiza zolemba zakale za mpingo mumzinda wa Salt Lake momwemo, kuti anthu ayerekeze zimene zinalembedwa poyamba ndi zimene zikuphunzitsidwa. Koma pepala linkayenda pang'onopang'ono. Intaneti itafika, oteteza mpingo anakhazikitsa bungwe la FAIR mu 1997 kuti funso lililonse lizipeza yankho. Mu 2005 John Dehlin anayamba kujambula macheza ake ndi anthu okayika pa pulogalamu ya Mormon Stories, ndipo mu 2015 mpingo unamudula. Mu 2013 Jeremy Runnells analembera mkulu wina wa maphunziro a mpingo kalata yaitali, nandandalika zonse zimene zinkamusowetsa mtendere. Kalatayo imadziwika kuti CES Letter, ndipo mpaka lero anthu akulemba mayankho ake, ena akuyankha mayankhowo.

Nkhani zimene amakanganirana n'zomwezomwezo. Pali mipukutu ya gumbwa ya ku Egypt imene Smith anati ndi zolemba za Abrahamu. Zidutswa zake zitapezeka ku Metropolitan Museum ku New York mu 1966, akatswiri anati ndi malemba a maliro amene anthu a ku Egypt ankaika pamodzi ndi mtembo. Oteteza amayankha kuti mpukutu weniweni unatayika, kapena kuti gumbwayo inangotsegula njira ya vumbulutso. Pali akavalo otchulidwa m'Buku la Mormon pa nthawi imene ofukula zakale sawapeza ku America. Pali mwala umene Smith ankaika m'chipewa pomasulira. Pali mitala.

Chimodzi ndiyenera kuvomereza: phokosoli linabala zipatso. Mu 2013 ndi 2014 mpingo unalemba wokha nkhani zofotokoza mbiri yovutayi. Unavomereza kuti Smith anali ndi akazi pakati pa 30 ndi 40, kuti ena anali kale pabanja, ndi kuti mmodzi anali asanakwanitse zaka 15. Mu 2015 unatulutsa chithunzi cha mwala uja. Sindikhulupirira kuti zimenezi zikanalembedwa pa nthawi imeneyo anthu akanakhala chete. Wofunsa mafunso m'tchalitchi nthawi zambiri samukonda, koma pano ofunsawo anathandiza ngakhale amene anatsala m'katimo.

Ndimaonanso kuti otsutsa ambiri si adani ochokera kunja. Ndi ana obadwira momwemo. Anapereka zaka ziwiri za unyamata wawo akugogoda m'makomo, anapereka chakhumi, anamanga maukwati awo m'kachisi. Ukawerenga bwino, pansi pa ukali wawo pali chisoni cha munthu amene waona kuti makolo ake sanamuuze zonse. Amene akuwayankha nawonso akuteteza agogo awo amene anakoka ngolo ndi manja kuwoloka zigwa za America chifukwa cha chikhulupiriro chomwecho. N'chifukwa chake sindiseka mbali iliyonse. Ndi nkhani ya m'banja mwa eni, ndipo mlendo amayenera kukhala ndi ulemu.

Nkhani ya mitala, kunena zoona, siindidzidzimutsa monga imachitira anthu a ku America. Mitala timaidziwa, ili m'mabanja mwathu. Chondiwawa ine ndi kubisa, ndi msinkhu wa mtsikana uja, pakuti mafumu athu kuno Kum'mawa akulimbana mpaka lero ndi maukwati a ana. Ndipo n'zodabwitsa kuti mpingo umene unasiya mitala mu 1890, lero sungabatize bambo wa ku Nyimba amene ali ndi akazi awiri.

Pamene mtima wanga umaima ndi pa nkhani ya khungu. Smith ali moyo, munthu wakuda dzina lake Elijah Abel anadzozedwa unsembe mu 1836. Koma kuyambira mu 1852, pansi pa Brigham Young, amuna a mtundu wa ku Africa analetsedwa unsembe, ndipo amuna ndi akazi omwe sankaloledwa ku miyambo ya m'kachisi, imene mpingowo umati ndiyo imamanga banja kwamuyaya. Ankaphunzitsa kuti ndi temberero la Kaini, ena n'kumati mizimu yathu inachita mphwayi tisanabadwe. Chiletsocho chinachotsedwa mu Juni 1978, Spencer W. Kimball ali mtsogoleri. Mu Disembala 2013 mpingo unalemba kuti ukukana ziphunzitso zonse zoti khungu lakuda ndi chizindikiro cha temberero. Otsutsa amati kukana si kupepesa, ndipo pamenepa ndili nawo.

Koma tamvani mmene Africa imalowera m'mkanganomu. Woteteza akapanikizika amatambasula mapu: taonani Ghana, taonani Nigeria, taonani Congo, anthu akubatizidwa miyandamiyanda, kodi akanabwera ukanakhala mpingo watsankho? Wotsutsa amayankha kuti anthuwo ndi osauka, sadziwa mbiri, netiweki ikangowafikira bwino adzatuluka. Onse awiri akunena za ine, kapena za m'bale wanga, ndipo palibe amene watembenuka kundifunsa. Zili ngati mlandu wa pabwalo la amfumu pamene mbali zonse zikuloza mboni imodzi, wina ati ili kwa ine, wina ati musaimvere ndi mwana, koma mboniyo yakhala pamphasa osapatsidwa mpata wotsegula pakamwa.

Ikanapatsidwa mpata, mboni ya kuno ikanayamba ndi mbiri yake. Uthenga unatifikira m'manja mwa amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State. Anayambira ku Magwero mu 1899, anafika ku Nyanje mu 1905, ku Hofmeyr kufupi ndi Nyimba mu 1914, kenako ku Merwe. Akatolika nawo anamanga ku Minga m'zaka za m'ma 1920. Amishoni a Dutch aja anatsegula masukulu ndi zipatala, anatiphunzitsa kuwerenga Buku Lopatulika limene linatuluka mu 1922. Koma mpingo umene unawatuma ndi womwewo umene kwawo unafunira tsankho mavesi a m'Baibulo. Mu 1982 mgwirizano wa mipingo ya Reformed padziko lonse, utakumana ku Ottawa, unagamula kuti kuikira kumbuyo tsankho ndi chiphunzitso chonyenga, n'kuuimitsa mpingowo. Mu 1990 ku Rustenburg, mphunzitsi wa zaumulungu Willie Jonker anaimirira n'kuvomereza tchimolo m'dzina lake ndi la mpingo wake.

Kodi agogo athu sankaona? Ankaona. Ankadziwa khomo limene mzungu ankalowera ndi limene iwo ankalowera. Ankadziwa kuti kuchokera ku Magwero panapita zaka 30 kuti Justo Mwale adzozedwe ubusa mu 1929, woyamba mwa ife. Analandira buku, nasunga madandaulo awo, napirira mpaka 1966 pamene mpingo unalandira umwini. Sanali opusa. Anasiyanitsa uthenga ndi wautumiki, ndipo ena amene kusiyanitsako kunawakanika anatuluka n'kukayamba mipingo yawo. Njira zonse ziwirizi anazisankha ndi maso otsegula.

Mbiri ya a Mormon ku Africa ili ndi anthu otere. Joseph William Billy Johnson wa ku Ghana anawerenga Buku la Mormon mu 1964, nakhulupirira, nasonkhanitsa mipingo popanda mmishoni ndi mmodzi yemwe. Ankalemba makalata ku Salt Lake, yankho n'kumakhala lakuti adikire. Anadikira zaka 14, akudziwa za chiletso cha unsembe, mpaka anabatizidwa kumapeto kwa 1978. Ku Nigeria, Anthony Obinna anachita chimodzimodzi. Ine sindikanadikira pakhomo lotere, ndipo sindimvetsa bwinobwino chimene chinawalimbitsa mtima. Koma kunena kuti Johnson sankadziwa n'kumunamizira, ndipo kumutenga ngati umboni wakuti chiletsocho chinalibe vuto n'kumunamiziranso. Anali munthu wamkulu amene anayeza zinthu payekha, nasankha.

Kuno ku Zambia mpingowu unavomerezedwa ndi boma mu 1992, patangopita miyezi kuchokera pamene Frederick Chiluba analengeza, mu Disembala 1991, kuti dziko lino ndi lachikhristu. Mu 2011 unatsegula ofesi ya umishoni ku Lusaka yoyang'anira Zambia ndi Malawi. Ndi mpingo waung'ono poyerekeza ndi Katolika, Reformed, Adventisti kapena Mboni za Yehova, ndipo anthu ambiri a m'mbali mwa msewu wa Great East amaudziwa chifukwa cha anyamata awiriawiri a malaya oyera ndi kabaji kakuda pachifuwa, amene amawaona akapita ku Lusaka. Motero kwa ambiri a ife, mkangano wa pafoni umafika munthu wa mpingowo asanafike.

Apa ndi pamene ndimada nkhawa. Kalata ya Runnells ili ndi masamba ambiri, ndipo mayankho a FAIR ndi ochuluka kuposa pamenepo. Koma zikamafika pa WhatsApp ya kumudzi zimakhala zitafota, patsala kavidiyo ka mphindi imodzi ndi mawu amodzi: ndi a satana. Mawu amenewa timawadziwa kulemera kwake. Mu 1967 boma la Dr Banda linaletsa Mboni za Yehova ku Malawi, ndipo mu 1972 anthu zikwizikwi anathawira ku msasa wa Sinda Misale, m'chigawo chathu chomwechino, kumene ambiri anafa ndi matenda. Ku Ghana boma linatseka matchalitchi a a Mormon ndi a Mboni mu Juni 1989, ndipo a Mormon anapemphera m'nyumba zawo mpaka kumapeto kwa 1990. Ku Utah mpingowu ndi wamphamvu, uli ndi chuma ndi maloya, ndipo wouponyera mwala akulimbana ndi chimphona. Kuno munthu wa mpingo womwewo akhoza kukhala mayi mmodzi wogulitsa nthochi pa siteshoni ya Nyimba. Mawu amene kumeneko ndi kulimba mtima, kuno akhoza kukhala nkhanza kwa munthu wopanda womuteteza.

Ifenso timatsutsana za chipembedzo, ndipo timatha. Pansi pa mtengo wa mango, wa Adventisti ndi wa Reformed amatha kukanganira Sabata mpaka dzuwa kupendeka. Koma mawa kukagwa maliro, onse awiri atenga makasu kupita kumanda, ndipo akazi awo aphikira pamoto umodzi kusiwa. Kudziwa zimenezo kumaika malire pa lilime. Pa intaneti munthu amene ukumunyoza sudzakumana naye pamaliro, sudzamubwereka njinga, sudzakwatitsa mwana kwawo. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake mikangano ya kumeneko ili ndi umboni wambiri kuposa yathu koma kawirikawiri siitha, pakuti palibe chowakakamiza kuti mawa apatsane moni.

Sindikufuna kuti ofunsawo atonthole. Ndikufuna kuti zimene akumba zitifikire zathunthu. Munthu wa ku Petauke amene akulingalira zobatizidwa ali ndi ufulu womva za 1852 ndi 1978, za gumbwa, za akazi a Smith, kuchokera pakamwa pa amene akumuphunzitsawo, m'chinenero chake, asanalowe m'madzi. Kumubisira n'kumuyesa mwana. Akamva zonse n'kulowabe, wotsutsa wa ku Salt Lake asamuchitire chisoni ngati wosokera, pakuti kumeneko nakonso n'kumuyesa mwana.

Inu amene mukuwerenga, anyamata a malaya oyera aja akadzafika pakhomo panu, muwapatse mpando ndi madzi akumwa. Ambiri mwa iwo masiku ano ndi ana a mu Africa momwe muno, ndipo anabadwa chiletso chija chitachotsedwa kalekale. Muwafunse za 1978 modekha, ndipo mumve yankho lawo mpaka kumapeto musanaweruze.