Mlendo ndi mame, koma madzi amamwa a eni mudzi

Tili ndi miyambi iwiri yotchuka yokamba za mlendo. Wina umati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Winawo umati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Woyambawo ukuti musatope naye, sakhalitsa. Wachiwiriwo ukuti mumufunseko nzeru, mwina aona pomwe inu simukuona. Koma mwazindikira? Yonse iwiri ikulangiza eni mudzi. Palibe womwe ukuuza mlendoyo zomwe iyeyo ayenera kuchita.

Ndiye funso langa lero ndi lakuti: wophunzira wochokera kunja, amene wakhala zaka zitatu kapena zinayi pa yunivesite ya m'katauni kakang'ono, ali ndi ngongole yanji kwa katauniko? Fizi walipira, digiri watenga, ndege yakwera. Zathera pompo?

Titenge chitsanzo cha Makhanda, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, komwe kuli Rhodes University yomwe inayamba mu 1904. Mpaka mu 2018 tauniyi inkatchedwa Grahamstown, kutengera dzina la John Graham, msilikali wa Britain amene anatsogolera ntchito yothamangitsa anthu a mtundu wa Xhosa m'deralo. Dzina latsopanoli ndi la mtsogoleri wa a Xhosa amene anathira nkhondo tauniyi mu 1819, kenako nkukatsekeredwa ku Robben Island. Mbiriyi imaoneka ndi maso mpaka lero. Yunivesite, matchalitchi akuluakulu ndi sukulu zodula zili mbali ya kumadzulo. Kum'mawa kuli madera monga Joza ndi Fingo Village, komwe ulova ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku.

Ku Johannesburg munthu utha kusowa m'chigulu, osadziwa yemwe umadalira. M'tauni yaing'ono sizitheka zimenezo. Mayi amene amakolopa mu hositelo mukumana nawo m'shopu Loweruka. Mnyamata wopempha ndalama pangodya ya msewu ndi yemweyo chaka choyamba mpaka chomaliza. Kusadziwa kumakhala kochita kusankha.

Yankho loyamba ndi la mame lija: unabwera kudzaphunzira, phunzira, usalowerere za eni ake. Yankholi silopusa ayi. Wophunzira wakunja savota. Viza yake ili ndi malire, ngakhale ganyu imamulola maola osapitirira 20 pa sabata. Kukabuka zionetsero, mnzake mwini dziko akamangidwa mawa lake abwerera m'kalasi, pomwe iyeyu atha kutaya zonse, kuphatikizapo ndalama zomwe abale kumudzi anasonkherana. Komanso muli ulemu m'kukhala chete. Munthu wafika dzulo, chi Xhosa sadziwa ndi moni yemwe, mbiri ya tsankho la apartheid anangoiwerenga m'buku, ndiye aziuza eni ake mmene angakonzere tauni yawo? Kalumo kakuthwa m'manja mwa munthu wosadziwa mutu womwe akumeta kamatema.

Koma yankholi lili ndi pomwe limaterera. Mame samwa madzi a munthu, wophunzira amamwa. Makhanda yakhala pa vuto la madzi kwa zaka zambiri, chifukwa cha chilala komanso mapaipi ndi makina osasamalidwa. Mu 2019 zinafika poti bungwe la Gift of the Givers linabwera kudzagawa madzi ndi kukumba mijigo. Mu Januwale 2020 khoti lalikulu linagamula kuti khonsolo ya Makana, yomwe imayang'anira tauniyi, ithetsedwe chifukwa cholephera kutumikira anthu, mlandu womwe anakasuma ndi a Unemployed People's Movement. Tsono madzi akachepa, amene akusamba mphindi makumi awiri mu hositelo ndi agogo amene ali pamzere ndi chigubu ku Joza akutunga pa gwero limodzi. Walowerera kale, afune asafune. Chomwe angasankhe ndi mmene alowerere.

Pali china chowawa kuposa madzi. Mu Okutobala 2015, nthawi yomwe ophunzira m'dziko lonselo ankachita zionetsero za Fees Must Fall, mphekesera inafala m'tauniyi yoti mlendo wina ndiye akupha anthu. Mashopu a anthu ochokera ku Pakistan, Bangladesh, Somalia ndi Ethiopia anathyoledwa, katundu nkubedwa, eni ake mazanamazana nkuthawa m'nyumba zawo. Tangoganizani wophunzira wa ku Malawi, Zambia kapena Zimbabwe tsiku limenelo. Nayenso ndi mlendo. Chomusiyanitsa ndi wogulitsa buledi m'kagolosale ka spaza uja ndi kakhadi ka pasukulu ndi alonda a pa kampasi, basi. Mmodzi amatchedwa international student, winayo kwerekwere. Ndipo chaka chomwecho, mu Epulo, boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu athu othawa ziwawa ku Durban. Ambiri mwa iwo analibe khadi lililonse lowabisa.

Apa mpamene pali yesero lenileni. Ndi chapafupi kunena mumtima kuti ine ndine wosiyana, mapepala anga ndi olongosoka, ndinabwera kudzaphunzira osati kudzalanda ntchito. Mawu amenewa amamveka ngati kudziteteza chabe, koma mkati mwake mwavomereza kale kuti pali alendo oyenera kumenyedwa, kungoti iwe suli m'gululo.

Nanga ngongole ija ndi yotani? Ine ndikuona kuti siyofuna kuti mlendo akhale mtsogoleri kapena mpulumutsi. Poyamba ndi kudziwa pomwe wapondapo: dzina la tauni linachokera kuti, ndani amakhala mbali iti ndipo chifukwa chiyani, moni amapatsana bwanji. Kunena molo kwa mayi wokolopa uja sikuthetsa ulova, koma kumamuchotsa pa mndandanda wa zipangizo za pasukulu. Kenako ndi kusakhala mtolo: madzi, zinyalala, phokoso la usiku, mtengo womwe umalipira munthu wokuchapira zovala. Ukafuna kuthandiza, lowa m'zomwe eni ake ayambitsa kale, iwo akhale patsogolo. Ndipo usamukane mlendo mnzako wopanda khadi, ngakhale pokhapokha pomwe anzako a m'kalasi akumunyoza pocheza iye palibe.

Mbali ina ya ngongoleyi imabwezedwa kwanu. M'chigawo chomwecho muli katauni ka Alice komwe kuli Fort Hare, yomwe inatsegulidwa mu 1916. Orton Chirwa ndi Henry Masauko Chipembere anaphunzira kumeneko, anaona tsankho ndi maso awo, ndipo atabwerera ku Nyasaland analowa m'nkhondo yofuna ufulu. Chomwe anatenga ku Alice sichinali pepala lokha.

Ifenso tili ndi alendo athu. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anasonkhanitsa anthu othawa kwawo omwe ankakhala ndi kuchita malonda mu Lilongwe, ambiri ochokera ku Burundi, Rwanda ndi Congo, nkuwatengera ku ndende ya Maula asanawabweze ku Dzaleka, ku Dowa. Pa Facebook ena tinkaombera m'manja, ati akutilanda bizinesi. Mawu ake ndi omwe aja a ku Durban, angosintha chinenero.

Munthu amene wakhalapo mlendo m'katauni kakang'ono amadziwa kanthu komwe ambiri sadziwa: mmene mtima umagundira ukamva kuti akusaka obwera. Akabwerera kwawo nkuiwala zimenezo, digiri ali nayo ndithu, koma ngongole ya madzi aja sanabweze.