Kodi N'chilungamo Kutsekera Munthu Chifukwa Akumuganizira Matenda?

M'parishi muno ndi mabanja ochepa amene alibe wina wodutsa malire. Wina ali ndi mwana ku Joni, wina mkazi wake amakapikula katundu ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, wina mlamu wake amayendetsa thiraki ya ku Beira. Mliri ukamveka kwinakwake, anthu amenewa ndi amene amalozedwa pamphumi ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, ndipo nthawi zina amauzidwa kuti: simupita kwanu lero. Munthu sanabe, sanaphe, mwina sakudwala n'komwe. Kodi tili ndi ufulu wanji womutsekera?

Pa 20 July 2014, bambo wina dzina lake Patrick Sawyer anatsika ndege ku Lagos kuchokera ku Liberia, kumene Ebola inali itavuta. Anali wodwala kale, ndipo anamutengera kuchipatala china mumzindamo. Dokotala wamkazi, Ameyo Adadevoh, anaganiza kuti si malungo ayi, ndi Ebola. Wodwalayo anafuna kutuluka kuti akakhale nawo pamsonkhano ku Calabar, ndipo akuluakulu ena anakakamiza chipatala kuti chimumasule. Mayiyo anakana. Sawyer anamwalira patapita masiku asanu, ndipo dokotalayo, atatenga matendawo, anamwalira mwezi wotsatira. M'dziko lonse la Nigeria anthu 20 okha ndiwo anadwala, 8 anafa, ndipo pofika October mliri unali utatha. Tangoganizani munthu ameneyu akanakwera ndege ina, kapena kulowa mumsika wa mumzinda wodzaza ngati Lagos.

Ine ndikuti mayi ameneyu anachita bwino. Ufulu wanga woyenda sungalemere kuposa moyo wa mwana wa mnzanga. Koma onani bwino chimene chinachititsa kuti kukana kwakeko kukhale kolungama. Sanamutsekere n'kuthawa. Anatsala naye, akumupatsa chithandizo, ndipo ngozi imene ankatetezera anthu ena anaisenza yekha. Amene amalanda munthu ufulu chifukwa cha ubwino wa onse amalowa m'ngongole kwa munthuyo.

Ngongole imeneyi ife tinalephera kubweza mu May 2020. Abale athu mazana anabwera pa mabasi kuchokera ku South Africa, ntchito zitawathera, nalowa pa Mwanza. Anawaika pa Kamuzu Stadium ku Blantyre kuti adikire zotsatira za Covid-19, ndipo anthu oposa 400 anathawa. Ambiri tinawanyoza kuti ndi odzikonda, ndipo zoonadi kuthawako kunaika pangozi makolo awo omwe kumudzi. Komabe iwo ankadandaula za chakudya, madzi ndi zimbudzi. Munthu amene wakhala masiku angapo m'basi, mwana ali kumsana, simungamugoneke pabwalo la mpira opanda nsima n'kumayembekeza kuti akhala phee chifukwa chokonda dziko. Kulakwa kunalipo mbali zonse ziwiri, koma wamphamvu ndiye anayamba.

Nkhaniyi si yatsopano. Mu Levitiko mutu 13, munthu womuganizira khate ankapita kwa wansembe, amene ankamupatula masiku asanu ndi awiri kenako n'kumuonanso. Ambiri timangokumbukira kupatulako, koma lamulolo linalinso ndi malire a masiku, komanso munthu amene anali ndi udindo wobwerera kukamuona wopatulidwayo. Sankangomutaya.

Tsopano mbali imene imatikhudza ife apaulendo. Kachipangizo kapamphumi kaja kamagwira zochepa kwambiri. Ebola imatha kubisala m'thupi mpaka masiku 21 munthu asanatenthe thupi. Poliyo ndiye woposa: mwa anthu 200 otenga kachilomboka, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amapuwala, ambiri saona chizindikiro chilichonse. Mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ndipo akatswiri anapeza kuti kachilomboko n'kamtundu wa ku Pakistan. Palibe chipata chimene chikanakaona. Ndipo tonse tikudziwa kuti munthu akhoza kumwa Panado basi isanafike pamalire kuti thupi lizizire. Choncho chitetezo chenicheni cha pachipata ndi pakamwa pa wapaulendo: mwachokera kuti, mwakhala ndi ndani, mukumva bwanji. Kunama pa mafunso amenewa ena amakuona ngati kuchenjera, chimodzimodzi kubisa katundu kwa a msonkho. Sizofanana. Amene adzalipire bodza limeneli si boma, ndi agogo amene mukawapatse moni wa m'manja mawa lake.

Koma anthu amanena zoona pokhapokha ngati choonadicho sichiwaphetsa. Mu November 2021 akatswiri a ku South Africa ndi Botswana anauza dziko lonse msanga za mtundu watsopano wa Covid-19 wotchedwa Omicron. Malipiro ake, maiko olemera anatseka zitseko kwa anthu a kum'mwera kwa Africa kuno, Malawi yemwe, pamene kachilomboko kanali kale ku Ulaya. Tinakwiya, ndipo tinali ndi chifukwa. Koma zimene Britain ndi America anatichita, ifenso timachitira anzathu m'makwalala mwathu. Wobwera kuchokera ku Joni tinkamuloza chala, ana ake tinkawathamangitsa pamasewera. Mnansi wake ataona zimenezo, iye pobwera analowera njira zachidule usiku, osayezedwa.

Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, choncho msamalireni akadalipo. Kumusamala mlendo amene mwina wanyamula matenda sikumukumbatira pakhomo. Ndi kumupatsa chipinda chake, mbale yake, madzi osamba, ndi kumuperekeza kuchipatala thupi likatentha. M'nyumba zathu zambiri za lendi, za chipinda chimodzi kapena ziwiri, zimenezi n'zosatheka banja lili lokha. Apa ndi pamene mphakati uyenera kufunsana zisanachitike: ndani ali ndi chipinda chapadera, ndani angaphike, ndani angapereke ndalama ya minibasi, ndani angamuimbire foni madzulo aliwonse mpaka masiku ake atakwana.