Kodi Mlandu wa Makina Ngwa Yani?

Kale munthu wofuna kutsatsa malonda m'nyuzipepala ankapereka uthenga wake kwa mkonzi. Mkonziyo ankauwerenga ndi maso ake nausankhira tsamba loyenera. Sakadalola kuti chilengezo cha mowa chikhale pambali pa nkhani ya ngozi yochititsa dalaivala woledzera, pakuti ankadziwa kuti ulemu wa nyuzipepala uli m'manja mwake.

Pa intaneti ntchito imeneyi idasiyiridwa makina. Mu 2003 kampani ya Google idayambitsa AdSense, njira yoikira zotsatsa malonda m'zolemba za anthu, ndipo mu 2018 idalola makinawo kumadzisankhira okha malo m'kati mwa nkhani. Mlembi amangovomera kamodzi. Zikatero kompyuta imayang'ana mawu a nkhaniyo ndi zokonda za wowerenga, niponya chilengezo pakati pa ndime. Owerenga akachuluka, phindu la mlembi nalo limakula.

Sikulakwa kuti mlembi adye thukuta lake. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makina sadziwa manyazi kapena chisoni. Mu 2017 nyuzipepala ya The Times ya ku London idaulula kuti zotsatsa za makampani otchuka zinkaoneka pa makanema a magulu ofalitsa chidani pa YouTube. Boma la Britain ndi makampani ambiri adaimitsa zotsatsa zawo, ndipo Google idapepesa. Palibe munthu amene adakhala pansi nasankha kuti zitero, komabe choipacho chidachitika.

Tsono mlandu ngwa yani? Ena amati mlembi ngosalakwa chifukwa chilengezocho sadachiike ndi dzanja lake. Ganizo limeneli nloperewera. Mbuzi ikadya chimanga cha mnansi, bwalo la mfumu siliitana mbuziyo. Limaitana mwini wake amene adaimasula. Momwemonso wolemba nkhani yolangiza achinyamata kusunga ndalama, pakati pake n'kupezeka chilengezo cha juga, walankhula pawiri ndi kamwa limodzi. Wachinyamatayo adabwera chifukwa chokhulupirira mlembi, osati makina.

Mwamwayi, njira zimenezi zimapatsa mlembi mphamvu yoletsa mitundu ina ya zotsatsa. Mlembi wanzeru amaigwiritsa ntchito ngakhale phindu lichepe, ndipo amawerenganso nkhani yake monga momwe mlendo angaionere. Ntchito itha kutumidwa kwa makina, koma udindo umatsala ndi amene watuma.