Liwiro la Mpira ndi la Bwato: Mphamvu ndi ya Yani?

Ku Meluluca, kummwera kwa Metangula m'boma la Lago, msodzi mmodzi yemweyo amalankhula zinthu ziwiri zooneka ngati zotsutsana. Polangiza mnyamata wake amati waulesi sadya usipa, ndipo pokankhira bwato m'madzi madzulo amati tionana m'mawa Mulungu akalola, kapena Insha Allah ngati ndi wa ku mzikiti. Ngati nsomba zimadza ndi khama, chilolezo cha Mulungu nchachiyani? Ngati zimadza ndi chilolezo, thukuta nlachiyani? Funsoli ndi lakale. Kwa Akhristu, Augustine ndi Pelagius anatsutsana pa nkhani ya chisomo ndi ntchito mpaka msonkhano wa ku Carthage unakana chiphunzitso cha Pelagius mu 418, ndipo kwa Asilamu, al-Ash'ari, amene anamwalirira ku Baghdad m'zaka za m'ma 930, anaphunzitsa kuti Mulungu ndiye amalenga chochita, munthu nkuchitenga kukhala chake. Ine ndikuti msodziyo sakudzitsutsa, ndipo umboni wake uli m'thupi la aliyense amene anayesapo kuthamangitsa chinthu cholemera ndi manja awiri.

Masewera a bowling sanafike kunyanja kuno, koma amaonetsa nkhaniyi poyera. Wosewera amakunkhuniza mpira wolemera mpaka makilogalamu 7 pa njira yaitali mamita 18 kuti agwetse timitengo 10. Kwa zaka zambiri akatswiri ankaponya ndi dzanja limodzi, chala chachikulu chili m'bowo la mpirawo. Kenako kunatulukira Jason Belmonte wa ku Orange m'dziko la Australia ndi Osku Palermaa wa ku Finland, onse obadwa mu 1983, amene anayamba kusewera ali makanda, mpira ukuwalemera, nazolowera kuunyamula ndi manja awiri. Belmonte wapambana mipikisano ikuluikulu 15, kuposa wina aliyense m'bungwe la akatswiri a bowling la PBA. Koma kaponyedwe kameneka kali ndi vuto lake: popeza manja onse ali pa mpira, mkono sungautengere kutali kumbuyo, ndiye ophunzira ambiri amapeza kuti mpira wawo ukuzungulira kwambiri koma ukuyenda pang'onopang'ono. Choyamba kubwera m'mutu mwawo ndi kulimbitsa mikono ndi kukankha. Aphunzitsi amaletsa zimenezo, chifukwa mkono wokungika umachedwetsa mpira ndi kuusocheretsa. Liwiro, limene kwa akatswiri limafika pafupifupi makilomita 30 pa ola, limachokera m'miyendo imene ikufulumira poyandikira mzere woponyera, m'chiuno chimene chikutembenuka, ndi m'kulemera kwa mpira womwewo pamene ukugwa wokha. Manja ntchito yake nkuugwira mosaufinya, nkuusiya pa nthawi yake.

Wopalasa bwato amadziwa zomwezi ngakhale sanamvepo dzina la Belmonte. Mnyamata wongoyamba kumene amakoka nkhafi ndi mikono, madzi nkumathovoka, bwato nkumapotokera uku ndi uku, ndipo asanafike pamalo oponyera khoka mapewa amakhala atatha. Mkulu wozolowera amamiza nkhafi mwakachetechete, mapazi atapondetsa m'bwato, napinda msana ndi chiuno, kotero kuti nkhafi imakhala ngati yaima m'madzi ndipo bwato ndilo limaidutsa. Madziwo alinso ndi lamulo lake losanyengerera. Bwato likati lithamange kawiri, madzi amalikaniza pafupifupi kanayi, ndipo nyonga imene wopalasa ayenera kutulutsa pa mphindi iliyonse imawirikiza pafupifupi ka 8. Nchifukwa chake wopupuluma amawononga zambiri nkupindula pang'ono, pamene woyenda mofanana usiku wonse amabwerako ndi mpweya wotsala wokokera chilimila.

Apa mpomwe pali mfundo yanga. M'zochitika zonse ziwirizi, mphamvu imene ikuyendetsa chinthucho sinayambire mwa munthu. Mpira ukukokedwa ndi dziko, phazi likukankha pansi ndipo pansi pakubweza, nkhafi ikutsamira pa madzi, ndipo ngakhale nyonga ya msana ndi nsima ya chinangwa ya dzulo, yochokera ku mvula ndi dzuwa zimene wopalasayo sanapange. Chimene munthu amabweretsa ndi kaimidwe, kandondomeko ka ziwalo, ndi kudziwa nthawi. Gawo limeneli ndi laling'ono poyerekeza ndi mphamvu yonse, komabe popanda ilo mpira umagwera m'ngalande ya pambali pa njira ndipo bwato limangozungulira pamodzimodzi. Choncho munthu wonena kuti Mulungu akalola, kwinaku akupalasa, akufotokoza molondola mmene zinthu zilili: akugwira ntchito yeniyeni ndi mphamvu yobwereka. Cholakwika chimene luso limadana nacho ndi chomwecho chimene chipembedzo chimachitcha kudzikuza, ndiko kukakamiza, kuganiza kuti zonse zichokera m'mikono mwanga ndipo ndikangolimbitsa zitheka.

Wina anganene kuti chiphunzitso chotere chimabala ulesi, chifukwa munthu akamva kuti mphamvu si yake amapinda manja nkumadikira. Mantha amenewa ali ndi maziko, pakuti tonse tikudziwa anthu amene amabisa ulesi wawo m'dzina la Mulungu. Koma taonani chimene kusakakamiza kumafuna. Kuti mkono ukhale womasuka pamene miyendo ikuthamanga, wosewera amabwereza kaponyedwe kamodzimodzi kwa zaka. Kuti nkhafi ilowe m'madzi popanda phokoso, wopalasa amayamba ali mwana, akusewera ndi bwato pagombe. Kukankha ndi mikono ndiko kosavuta, ndipo aliyense amayambira pomwepo. Kuleka kukankha nkumene kumafuna mwambo wautali. Waulesi sangafike pamenepo, chifukwa sanagwirepo mokwanira kuti adziwe choti asiye. Asilamu amakumbutsana nkhani ya munthu amene Mtumiki anamuuza kuti ayambe wamanga ngamira yake kenako adalire Mulungu, ndipo m'matchalitchi a Anglican a ku Messumba ndi ku Likoma, kumene mmishonale William Percival Johnson anayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanjayi kwa zaka zoposa 40, kalata ya Yakobo yotsutsa chikhulupiriro chopanda ntchito imawerengedwa pamodzi ndi makalata a Paulo onena za chisomo.

Wina wophunzira sayansi anganene kuti zonsezi zikufotokozedwa ndi malamulo a kayendedwe ka zinthu, ndipo dzina la Mulungu ndangolimatapo. Ndikuvomera kuti nkhafi siitsimikiza kuti kuli Mulungu, ndipo sindikuigwiritsa ntchito motero. Chimene ikutsimikiza ndi chakuti munthu si gwero la mphamvu yake, ndipo pamenepa wokhulupirira ndi wosakhulupirira ayenera kugwirizana. Amasiyana pa funso lotsatira, lakuti kodi chimene talandirachi chili ndi wotipatsa woti tingamuthokoze. Koma amene wagonja kale pa mkanganowu ndi uja wonena kuti ndinadzipanga ndekha.

Chitsutso cholemera kwambiri chimachokera pagombe pomwepo. Masiku ano liwiro limagulidwa: mwini injini ya Yamaha amafika pa usipa wopalasa asanafike theka la ulendo, ndipo luso la msana silingapikisane ndi petulo. Komanso amene amalowa m'nyanja mwera ukuwomba, m'miyezi yozizira ya pakati pa chaka, kawirikawiri sachita zimenezo chifukwa chodzikuza. Kunyumba kulibe ufa, kapena mwini khoka wawauza kuti apite. Kulalikira kudekha kwa munthu wanjala nkumulakwira, ndipo mfundo yanga ikanakhala yopanda chifundo ikanathera pa mikono ya wopalasa yekha. Kukakamiza kumachitikanso pamwamba pake. Mwini zida amene amatumiza alovi pa mafunde oti iye sangakwerepo akuumiriza nyanja ndi matupi a anthu ena. Amene amakokolola tiana ta nsomba ndi neti yotetezera udzudzu m'malo oswerana akuumiriza chaka chamawa kuti chibereke lero. Injini nayonso ili pansi pa lamulo lija la madzi, chifukwa woithamangitsa mopitirira amamwetsa mafuta ambiri pa mtunda womwewo, phindu la usiku nkuthera pa chigubu. Pamene boma la Mozambique linakhazikitsa malo otetezedwa a nyanja ya Niassa mu 2011, linavomereza m'chilankhulo cha malamulo kuti nsomba zili ndi nyengo yake yoswana imene khoka silingaifulumizitse, ndipo makomiti a asodzi a m'midzi ngati Meluluca ndiwo anasenza ntchito yovuta youza mnansi wawo wanjala kuti pamalo akutiakuti asaponyepo khoka.