Kodi Kuyeza Mankhwala a Makolo N'kunyoza Makolo?

Ku India kuli njira yochiritsira yotchedwa Ayurveda, imene idayamba zaka zoposa 2,000 zapitazo. Asing'anga ake amagwiritsa ntchito mizu, makungwa, masamba ndi mafuta, ndipo nzeru zawo zidalembedwa m'mabuku akalekale. Boma la dzikolo limailemekeza njirayi moti mu 2014 lidakhazikitsa unduna wapadera, wa AYUSH, woti uziiyang'anira pamodzi ndi njira zina zotere. Malamulo akumeneko amalolanso kuti mankhwala opangidwa motsata mabuku akalewo apatsidwe chiphaso popanda kuyesedwa kaye pa odwala monga amachitira ndi mankhwala atsopano. Apa mpamene pagona funso langa: kodi kukhalitsa kwa mankhwala ndi umboni wokwanira woti ngabwino?

Amene amayankha kuti inde sakuyankhula zamisala. Mibadwo siingasunge chinthu chopanda phindu kwa zaka zonsezo. LA amene timamwa tikadwala malungo gwero lake ndi chitsamba cha Artemisia annua, chimene Tu Youyou wa ku China adachitsatira atawerenga mabuku a makolo ake, ndipo adalandira mphoto ya Nobel mu 2015. Koma tisaiwale kuti mayiyu sadalekere powerenga. Iye ndi anzake adayeza, adayesa pa nyama ndi pa anthu, mpaka mlingo wake udadziwika. Kuyezako sikudanyoze makolo a ku China. Kudawakweza pamaso pa dziko lonse.

Taonaninso mbali inayi. Mu 2003 ofufuza adagula mitundu 70 ya mankhwala a Ayurveda m'masitolo a ku Boston, ku America, ndipo adapeza kuti 14 mwa iyo inali ndi mtovu, mercury kapena arsenic. Zina mwa zinthuzi zimalowamo mwangozi, koma zina amazithira dala potsata chiphunzitso choti zikaotchedwa ndi kutsukidwa mwamwambo poizoni wake amatha. Mtovu sudziwa mwambo. Ukalowa m'thupi umawononga impso, ndipo mwana umamuwonongera ubongo. Mu 2024 khoti lalikulu la India lidadzudzula kampani ya Patanjali kaamba kolengeza kuti mankhwala ake amachiza matenda monga a shuga, mpaka eni ake adapepesa m'manyuzipepala. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Ine ndimaona kuti chimene chasintha si mtengo ayi, koma mtunda wa pakati pa wokumba muzu ndi womwa. Sing'anga wa m'mudzi ankamudziwa wodwala wake, ankadziwa phiri limene adakumba muzuwo, ndipo zinthu zikalakwika ankakaonekera pa bwalo la amfumu. Manyazi ndi mantha ndiwo anali lamulo lake. Lero mankhwala amatsekeredwa m'botolo ku fakitale, nawoloka nyanja, nagulidwa ndi munthu amene sadzamuonapo wopangayo. Wogulayo sangalawe mtovu ndi lilime. Ndiye ndani adzamuimirira? Lamulo la kuyeza limangolowa m'malo mwa bwalo la amfumu lija, limene botolo lidalithawa.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. Anamwino akhala akudandaula za mwanamphepo amene amayi ena amamwa kuti matenda ayambe msanga, chifukwa mlingo ukapyola chiberekero chimang'ambika. M'mabasi namo timakumana ndi amalonda a botolo limodzi lochiza mutu, msana, shuga ndi kusabereka. Lamulo la 2019 lidakhazikitsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo mankhwala azitsamba ali m'gulu la zimene liyenera kuyang'anira.

Komabe, monga munthu wogwira ntchito m'boma, ndikudziwa kuti chidindo pachokha sichichiritsa. Chiphaso chikakhala chodula, gogo wodziwa mitengo amatsekeredwa kunja, wandalama n'kutenga nzeru zake n'kuzimata dzina la kampani. Chikaperekedwa popanda wina kutsegula botolo, chimasanduka bodza lovala yunifolomu, loopsa kuposa kusowa chiphaso, poti wodwala amalikhulupirira. Lamulo lachilungamo lifunse zinthu zochepa koma mosanyengerera: muli chiyani m'botolomu, mlingo wake ngotani, mulibe poizoni kodi, nanga zimene mukulonjezazi umboni wake uli kuti? Ndipo lilemere kwambiri pa wogulitsa mabotolo zikwizikwi kusiyana ndi pa wothandiza anansi ake.

Makolo athu sankamwa chilichonse chomera m'tchire. Ankaona chimene mbuzi yadya n'kufa, ankachepetsa mlingo wa mwana, ankaletsa mayi woyembekezera mizu ina. Uku kunali kuyeza, ndi zida zimene anali nazo. Wonyoza makolo si amene akupitiriza ntchito yawoyo ndi makina a lero. Ndi amene wabisala kumbuyo kwa dzina lawo kuti asafunsidwe mafunso, uku akuwerenga ndalama za odwala.