Kodi Mwana Acimwa Pocita Cimene Sakhoza Kuciletsa?

Pa mudzi wina wa ku dera la Katete panali mkamwini, munthu woopa Mulungu ndi wakhama pa nchito, amene mwana wace woyamba anali wa zaka ziwiri ndi theka. Mwanayo anali atayamba kudzisunga. Akamva kuti thupi lifuna kudzithandiza anali kuthamangira kwa amace ndi kuwakoka citenje, ndipo kwa milungu itatu sanaononge cobvala ngakhale kamodzi. Atate ace ananyada, nauza anzao pabwalo kuti mwana wao ali ndi nzeru zoposa msinkhu wace. Koma mvula itayamba m'nyumbamo munabadwa khanda. Ndipo pa Lamulungu loyamba limene banja lonse linapita ku chalichi, ulaliki uli pakati, mwana uja anadzionongera pa mphasa ya azimai, anthu akuona.

Pofika kunyumba bamboyo anathyola kamtengo. Apongozi ace, amene sakanakhoza kulankhula naye maso ndi maso monga mwa mwambo, anaitana mwana wao wamkazi, nanena mokweza kuti mau afike kuseri kwa nyumba: "Iwe mwana wanga, kawafunse amuna ako. Kodi mwana akakuipitsira pa nchafu, nchafuyo udula? Akafunsenso kwa amai ao kuti iwo analeka liti kunyowetsa mphasa." Bamboyo anayankhira kwa mkazi wace, nati, "Auzeni amai kuti mmera ndi poyamba. Mwana uyu adziwa, pakuti wadzisunga milungu itatu. Lero wacita dala."

Mlandu wotere suweruzidwa kwa mfumu, ndipo akulu a mpingo saumva. Koma ucitika m'nyumba zambiri, ndipo woimbidwa mlanduyo sadziwa kudzinenera.

Anthu onse adziwa mumtima mwao kuti kupalamula kuyenda pamodzi ndi kukhoza. Pabwalo asiyanitsa munthu amene atentha nyumba ya mnzace usiku cifukwa ca udani, ndi wina amene mphepo inamlanda moto potentha zinyalala m'munda. Nyumba yapsa konse kuwiri, ndipo wacisoni ndi mmodzimodzi, koma woyamba yekha ndiye achedwa woipa. Ambuye Yesu pa Luka mutu 12 anasiyanitsanso kapolo wodziwa cifuniro ca mbuye wace ndi kapolo wosacidziwa. Cotero munthu asanakweze dzanja ayenera kufunsa ngati mwanayo anali nayo mphamvu yakuletsa cimene cacitika. Kuti cinthuco ndi conyansa, palibe akana.

Odziwa za thupi aphunzitsa kuti kudzisunga kufuna zinthu zingapo zimene zikhwima pang'onopang'ono. Cikhodzodzo ciyenera kukula kuti cisunge mkodzo nthawi yaitali. Minyewa yotseka njira iyenera kumvera bongo. Mwana ayenera kuzindikira cizindikiro cisanafike cinthuco, ndi kukhala ndi miyendo yomfikitsa pamalo, ndi manja obvula cobvala, ndi mau akuitana amace. Ana ambiri afika pamenepa pakati pa miyezi 18 ndi zaka 3. Usiku ndi nkhani yina, pakuti munthu ali m'tulo salamulira thupi ndi cifuniro cace. Mwa ana a zaka 5, ngati mmodzi mwa ana 6 kapena 7 akali kukodzera pogona, ndipo kawirikawiri cimeneci citsata mtundu: atate kapena amai amene anacedwa kuuma abala ana ocedwanso. Funso la agogo aja linali ndi nzeru yoposa imene iwo eni anaidziwa.

Wina adzati, Nanga azimai a kuno sakhazika makanda a miyezi yowerengeka pa mapazi ao, nawaimbira kamluzu, khanda nilidzithandiza pomwepo? Ndi zoona, ndipo ndi luso lokoma. M'caka ca 1977 Marten deVries ndi Rachel deVries analemba za Adigo a ku gombe la Kenya, amene makanda ao anali kukhala ouma pofika miyezi 5 kapena 6 mwa njira yonga yomweyi. Koma pa nchito imeneyi wophunzira wamkulu ndi mai. Iye abereka khanda kumsana tsiku lonse, namva kugwedezeka kwace, nadziwa nthawi zace, nalitsitsa msanga. Mwana akatsika kumsana, nayamba kuyenda ndi kusewera kutali, ulonda umene anali kucita amace ugwera iye mwini. Ndipo aoneka ngati wabwerera m'mbuyo, pamene wangoyamba kumene kusenza katundu amene kale anamsenzera wina.

Mau amphamvu a bambo uja ndi awa akuti milungu itatu. Ngati mwana anakhoza dzulo, alephereranji lero? Apa ndi pamene akulu ambiri alakwa, pakuti ayesa kuti cimene munthu wacikhoza kamodzi cakhala cace kosatha. Luso latsopano liri ngati njira yongolambulidwa kumene m'udzu wa dzinja: iripo ndithu, koma isanapondedwe ndi mapazi ambiri itsekeka msanga. Mwana uja anataya msana wa amace ndi bere lao m'mwezi umodzi. Citenje cimene anazolowera kukoka cinali citakulunga wina. Anakhala pakati pa anthu ambiri, atauzidwa kuti asapange phokoso m'nyumba ya Mulungu, ndipo sanadziwe kumene kuli cimbudzi ca pa chalichi. (Ulaliki wa maora awiri uyesa ngakhale cikhodzodzo ca mkulu wa mpingo.) Kudwala malungo, kutsekula m'mimba, ulendo, kusamukira kwa agogo, ngakhale kukoma kwa masewera, zonsezi zibweza ana m'mbuyo kwa masiku kapena milungu, ndipo pambuyo pace luso libweranso.

Akristu ndiwo ayenera kuzindikira ici msanga kuposa anthu ena. Petro anayenda ndi Ambuye nthawi yaitali, nawabvomereza pamaso pa anzace, ndipo usiku umodzi anawakana katatu. Koma palibe anena kuti zonse anaziphunzira kale zinali cabe. Mpingo uli wonse uli nao anthu amene anagwa, nakhala pa cilango, nabwezedwa, ndipo lero ndi mizati. Munthu amene akhululukira mwini wace pa chimo limene analilapa kasanu, ndi kukana kukhululukira kamwana pa cinthu cimene si chimo konse, ayesa ndi miyeso iwiri.

Komabe bamboyo sanalakwe m'zonse. Mwana wa zaka zitatu ali naco cifuniro, ndipo nthawi zina akana dala kukhala pamene amkhazika, pofuna kuona ngati mau ace ali ndi mphamvu. Cobvuta ndi cakuti kunja zioneka cimodzimodzi, ndipo kholo lopsa mtima ndi lamanyazi siliweruza bwino. Pamene munthu sangathe kudziwa, ayenera kuyesa kulemera kwa zolakwa ziwirizo. Akalekerera mwana wamwano pa cinthu ici, wataya sopo pang'ono ndi madzi, ndipo mwanowo adzakumana nao pa zinthu zina zooneka bwino. Akamenya mwana wosakhoza, amphunzitsa cinthu cimodzi cokha, ndico kubisa. Mwana wotere apita kuseri kwa nkhokwe, kapena abisa cobvala pansi pa mphasa, kapena adziumiriza kusunga masiku awiri kufikira m'mimba mwauma. Pamenepo kudzithandiza kumpweteka, aopa koposa, ndipo bvuto likula. Ena amsenzetsa mphasa yonyowa pamaso pa anzace, ena amuopseza ndi cule. Manyazi otere sakulitsa cikhodzodzo, koma akhala m'mtima kufikira ukalamba. Nthyole imene buku la Miyambo linena ndi ya utsiru wa mumtima. Thupi losakhwima liri ngati mango aawisi, amene sapsa cifukwa cowagenda.

Tsono kodi kuleza mtima ndiko kungokhala ndi kupenyerera? Iai. Ngati mwana alibe mlandu, nchito yonse igwera wamkulu, ndipo ndi nchito yolemera. Ambiri ayesa kuti zotuluka mwa kamwana ziribe kanthu, nazisiya pabwalo kuti nkhuku ndi nkhumba zimalize. Koma ziri ndi tizirombo monga za wamkulu, ndipo zigwa pomwe ana anzace akwawa ndi kudya. Nchenche zitera pamenepo, ziteranso pa nsima. Mazira a njoka zina za m'mimba aswa m'dothi, ndipo timphutsi tace tilowa pa khungu la mapazi opanda nsapato, tikakhala m'matumbo ndi kuyamwa mwazi. Mwana wodwala likodzo akakodzera m'dambo apatsa nkhono za m'madzi mazira amene adzadwalitsa onse osamba pamenepo. Kolera iyenda njira yomweyi ya zonyansa zolowa m'madzi ndi m'zakudya. Mliri wace umene unayamba mu October 2023 unapha anthu oposa 700 m'Zambia, ndipo sukulu zinacedwa kutsegulidwa kufikira February 2024. Cilamulo ca Mose pa Deuteronomo mutu 23 cinalamula ankhondo a Israyeli kukhala ndi malo kunja kwa cigono ndi cokumbira cakufotsera, ndipo cinagwirizanitsa zimenezi ndi kupatulika kwa cigonoco. Lamulolo linapatsidwa kwa amuna akulu.

Cotero kholo liyenera kutola ndi khasu nthawi yomweyo ndi kutaya m'cimbudzi, kusambitsa mwana, ndi kusamba m'manja ndi sopo kapena phulusa. Liyenera kumkhazika pa kacitini kace pa nthawi zodziwika, podzuka, atatha kudya, ndi asanagone, ndi kumtama akakhoza. Ndipo ngati mwana amene anauma kwa miyezi yambiri ayambanso kudzinyowetsa, namva kuwawa pokodza, kapena mkodzo uli ndi mwazi, kapena amwa madzi kosaleka naonda, ameneyo afunika kupita naye ku cipatala.

Tsiku lija kamtengo sikanagwire nchito, pakuti mai wa mwana anagwada, nati, "Atate ace a mwana, tiyeni mukaone kumene mumtuma." Anapita onse awiri. Cimbudzi cinali camdima, mitengo ya pansi inali itayamba kuola ndi mvula, ndipo dzenje lace linali lalikulu lakuti kamwana kakanalowamo mwendo wonse. Bamboyo anaima nthawi osanena kanthu. M'mawa mwace anadula mitengo yatsopano, namata pansi, nacepetsa pakamwa pa dzenje, nasema cobvundikira ca thabwa, natsegula kazenera pa cipupa; napacika cigubu ca madzi pa mtengo wa pafupi. Usana mwana anauma pasanathe mwezi, ngakhale anaphonyanso kawiri kapena katatu pa nthawi yokolola. Usiku anacedwa kufikira caka cace cacisanu. Ndipo masiku amenewo atate ace anali kudzuka tambala woyamba atalira, natenga kamphasa, nakayanika kuseri kwa nkhokwe, ana a pamudzi asanatuluke.